Mawilo a Galimoto ya a Jonah

Haswell ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa Lundazi, ndipo anthu ankati manja ake amalankhula bwino kuposa pakamwa pake. Sankanama. Kwa zaka ziwiri, mawu onse amene anauzapo Linah, mwana wa a Jonah, anali "Monile". Tsiku lina anawonjezerapo "Kwatentha", ndipo anapita kwawo akudzimva ngati wafunsira mbeta.

A Jonah, mphunzitsi wopuma ntchito, anali ndi kagalimoto kobiriwira ka ku Mangalande, ka mipando iwiri, kopanda denga, kamene anawasiyira dokotala wina wa ku mishoni kalekale. Injini anali atakonzetsa, koma mawilo anali atadyeka ndi dzimbiri, masipoko ali othothoka ngati mano a nkhalamba. Ankafuna kuti Loweruka kanyamule mwana wawo wamkulu, mkulu wake wa Linah, kupita ku ukwati wake kutchalitchi. Linah ndiye anali kubwerera ku sukulu ya unamwino ku Chipata Lamlungu.

Lachitatu a Jonah anabwera ndi njinga yawo pa mango paja, Linah ali pambuyo, nayamba kudandaula za mawilowo.

"Ine ningakonze," anatero Haswell.

Iye mwini anatembenuka kuti aone amene walankhula. Panalibe wina.

Lachinayi m'mawa anafika kunyumba kwa a Jonah. Pakhonde panali mawilo anayi onyezimira amene mkwati anatumiza kuchokera ku Chipata. M'shedi munali ena anayi akale a masipoko, atakutidwa ndi makoko a mtedza ndi zitosi za nkhuku.

"Sankha, mwana wanga," anatero a Jonah. "Ine maso yanga yali pa yonyezimila."

Haswell anagwada. Anaona kuti onyezimirawo anali ndi mabowo anayi a mabawuti, pamene kagalimotoko kankamanga wilo ndi nati mmodzi wamkulu pakati, wa makutu awiri, womenya ndi hamala.

"Awa sangalowe, adada. Tizatenga a m'shedi."

Ananena zimenezi mokweza pang'ono, chifukwa Linah anali pakhonde akusenda mtedza. Tsiku lonselo anawongola mawilo a m'shedi aja, sipoko imodzi imodzi, akuimenya ndi sipanala kuti amve kulira kwake. Imeneyi inali ntchito yake yeniyeni. Pofika madzulo mawilo ankazungulira osagwedezeka, ndipo iye anayamba kuganiza kuti mwina mtengo wa mango uja wamuchepera.

Lachisanu kunatsala kuchotsa mawilo adzimbiri aja pagalimoto. Wokonza njinga aliyense amadziwa lamulo la mapedulo: kumanga n'kutsogolo, kumasula n'kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Haswell ankalidziwa ngati dzina lake. Anaika kathabwa pa khutu la nati, nayamba kumenyera kumbuyo.

Nati sanasunthe. Anathira oyilo, namenyanso. Anapita pa wilo lachiwiri, lachitatu, lachinayi, onse anawamenya mofanana, mosakondera. Ana a pafupi anasonkhana pa mpanda n'kumawerenga kugunda kwa hamala. Malaya anamamatira kumsana. Pachikhatho panatuluka thuza, n'kuphulika.

"Dzimbili, adada," anauza a Jonah. "Dzimbili ya zaka zambili."

A Jonah anayang'ana kumwamba, kumene dzuwa linali litapendeka, nalowa m'nyumba. Haswell anamva mayi a m'nyumbamo akufunsa ngati sangabwereke ngolo ya ng'ombe ku Magodi.

Kenako Linah anabwera ndi kapu ya madzi.

"A injiniya, imwani musanafe. Ukwati na malilo siviyendela pamodzi."

Haswell anamwa, maso ali m'kapu. Linah ananjuta pafupi ndi wilo, natenga nsonga ya chitenje chake n'kuyamba kupukuta nati uja, monga amachitira munthu amene manja ake sakonda kukhala chete. Girizi wakale atachoka, panaoneka kamuvi kozokotedwa pachitsulo. Kankaloza kutsogolo.

"Ka aka n'kachani?" anafunsa.

Haswell anakayang'ana. Anapita pa wilo lina, napala ndi chikhadabo. Kamuvi kenanso, kutsogolo. Kuyambira m'mawa anali akumanga mawilo amene anabwera kudzamasula, ndipo anawamanga bwino kwambiri, mwina kuposa mmene anawamangira azungu amene anapanga galimotoyo.

Akanatha kunena kuti ankafuna kugwedeza dzimbiri kaye. Bodzalo linali lokonzeka kale pa lilime. Koma Linah ankamuyang'ana, ndipo masaya ake ankanjenjemera pobisa kuseka.

"Nayesa ni njinga," anatero Haswell. "Galimoto yonse iyi nayesa ni njinga ikulu. Maola asanu nakhala nikuyithandiza kuti isanigonjele."

Linah anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi. Anaseka moti ana a pa mpanda anayamba kuseka nawo osadziwa nkhani. Haswell anadikira kuti nthaka imumeze, koma nthaka ya ku Lundazi m'mwezi wa Okutobala ndi youma kwambiri, choncho anangoseka nayenso.

"Ndiye mumakamba, ka," anatero Linah akupukuta misozi. "Ine nenze kuganiza kuti mumaziba chabe monile."

"Niziba na kwatentha."

"Leta thabwa, nikugwilile. Ukanimenya chala, uzanipeleka wekha ku chipatala."

Anamenyera kutsogolo. Nati woyamba anafuna mahamala makumi atatu, ambiri mwa iwo obweza ntchito ya Haswell yemwe. Anapaka girizi pa mano a ekiselo, nalowetsa wilo la masipoko, namangira kumbuyo, Linah akuloza kamuvi nthawi iliyonse ngati akuphunzitsa mwana wa giredi yoyamba. Dzuwa lisanalowe, kagalimoto kanatsika pa jeke n'kuima pa miyendo yake.

A Jonah anakazungulira, akugogoda tayala lililonse ndi nsapato.

"Dzimbili yagonja, mwana wanga?"

Haswell anatsegula pakamwa, koma Linah anamutsogolera.

"Yagonja, adada. Yenze dzimbili ikali maningi. Nifunika munthu wonipelekeza ku basi Sande, azanifotokozela bwino mwamene anaigonjetsela."

Haswell anaweramira hamala yake, naipukuta nthawi yaitali, ngakhale inali yoyera kale.