Kangaude wa Morris

Mlongo wanga Morris tinamuika m'manda Lachinayi. Lachisanu m'mawa ndinalowa m'chipinda chake ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, kukasonkhanitsa zovala zoti abale agawane. Pansi pa matiresi ndinapeza buku lasukulu lodzaza ndakatulo. Munthu wa njanji zaka makumi atatu, kumalemba za akangaude! Patsamba loyamba panali mawu awiri okha: "Kwa Gwendolyn."

Gwendolyn amagulitsa nsomba ku Chanyanya. Chifukwa cha iye, mkazi wa Morris anachoka ndi mwana wawo Jennifer, mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Jennifer sanapondenso pakhomo la atate ake kufikira maliro awa.

Dzulo lake, pobwera kumanda, anali atandifunsa: "Ba Anti, badadi benze kunikumbukako?" Ine ndinangomuuza kuti apukute mamina.

Tsono ndinang'amba tsamba lija, n'kulibisa m'chitenje, n'kumuitana.

"Tenga. Anali kulembera iwe."

Anakhala pabedi, nawerenga osadya mpaka masana.

Zovala zitagawidwa, anthu akali pabwalo, Jennifer anaimirira. Anati afuna onse amve zimene atate ake anamulembera. Ndinamukoka chitenje kuti akhale pansi, koma anali atayamba kale.

"Kangaude wa pakona sadziwa kuitana,
amangotulutsa ulusi m'mimba mwake
n'kuupereka kwa mphepo.
Wanga ndauponya kutsidya..."

Apo mawu anamuthera, misozi ili mbwee. Tonse tinadikira. Kenaka kumbuyo, kumene amayi anali kutsuka miphika, kunamveka mawu apansipansi:

"Ukagwedezeka, ndidzadziwa kuti ndiwe."

Anali Gwendolyn. Sanachite dala. Maso anali mumphika, pakamwa pokha ndi pamene panayenda. Atazindikira, anadzigwira pakamwa ndi dzanja lamwaye.

Jennifer anayang'ana m'buku. Mzere wotsatira unali womwewo. Anabwerera kuchiyambi, nayendetsa chala m'mphepete mong'ambika.

"Ba Anti, pepala yapa ili kuti?"

"Mbewa," ndinatero. "Nyumba ya munthu wokhala yekha."

"Mbeba za ku Kafue zadya pepala imozi chabe, zasiya buku yonse?"

Amalume ake a Chindikani anakhosomola. "Mwanawe, khala pansi. Izi tikambirane m'nyumba."

Jennifer anatseka bukulo. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pamiphika, naika bukulo pamiyendo pa Gwendolyn mwaulemu, ndi manja awiri.

"Tengani vinthu vanu, amai."

Jekete la atate ake limene anamugawira analisiya pampando. Anatenga chikwama chake, nalunjika kumsewu wa ku Lusaka. Ndinamutsatira, koma maondo angawa sathamanganso. Pofika pamsewu, minibasi inali itanyamuka.

Ndamuimbira kasanu ndi kawiri. Foni imalira mpaka kuduka yokha.