Kalavani Yopanda Injini

Beston Chimbalanga sanali munthu woti n'kumuuza chinthu kawiri. Ankaphunzitsa sayansi pasekondale ina ku Gaborone, ndipo ankakhulupirira kuti mawu akalowa m'khutu mwake kamodzi ndiye kuti amveka. Choncho tsiku limene mnzake wa kuntchito, mzungu wokalamba dzina lake Watson, anamuuza kuti akubwerera kwawo ndipo kalavani yake amusiyira iyeyo, Beston sanafunse funso ngakhale limodzi. Anangogwira dzanja la mzunguyo ndi manja onse awiri, n'kuthokoza mpaka tiyi kuzizira.

Akanafunsanji? Mmalawi aliyense amaidziwa kalavani. Ndi minibasi ija ya Nissan yothamanga pakati pa Limbe ndi Blantyre, anthu atapanikizana anayianayi, kondakitala mutu uli kunja. Ku Ndirande kumene Beston anakulira, mwini kalavani ankapatsidwa mpando wakutsogolo ngakhale pamaliro a munthu wosamudziwa.

Nkhaniyo itafika kunyumba kwake ku Tsholofelo, inapeza munthu amene ankaifunitsitsa. M'nyumbamo munkakhala apongozi ake, bambo Ambrose Mbewe, bambo ake a mkazi wake Gamuchirai. Mkuluyu anachoka ku Mchinji ali mnyamata, n'kukalambira m'mafamu a fodya ku Zimbabwe. Mafamu aja atasokonekera anatuluka ndi sutukesi imodzi, mwana wawo n'kukawatenga. Chichokereni anali asanapondekonso kwawo. Mlongo wawo mmodzi yekha ndi amene anatsala ku Mchinjiko, ndipo uthenga unkabwera woti mayiyo akufooka, ngati akufuna kuonana achite changu. Koma msana wa bambo Mbewe unali utatha. Dokotala ananena mosapsatira kuti za basi aiwale: munthuyu akayenda pang'ono amafunika kuima n'kugona chagada pamalo osalala. Ndege bambo Mbewe anaikana okha kwamtuwagalu, ati munthu sabwerera kwawo ngati kalata.

Beston anaziona zonse zitatheka. Achotsa mipando yakumbuyo, ayala matiresi, basi. Anakakhala pansi chapatali ndi mpando wa apongozi ake, monga ankachitira nthawi zonse, n'kunena ndi mawu aulemu koma onyadira:

"Bambo, Khirisimasi ino mukadyera ku Mchinji. Ndikakutulani ndekha."

Mkuluyo anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli china chake, kenako anaomba m'manja pang'onopang'ono. Lamlungu potuluka m'tchalitchi, Beston anaonetsetsa kuti Mmalawi aliyense wa mu Gaborone wamva, kuyambira madokotala mpaka ongobwera kumene.

Kalavaniyo inkasungidwa papuloti ina ku Mmopane. Loweruka Beston ananyamuka ndi mnzake Wilfred, wowerengera ndalama pakampani ina, munthu amene pakamwa pake sipakhala chinsinsi. Popeza Watson anali atanena kuti chinthucho chakhala nthawi yaitali osayenda, ananyamula batire latsopano ndi chigubu cha dizilo. Atalowa pageti anaona nkhuku, mtengo wa minga, ndi kanyumba koyera ka mateyala awiri, ka makatani amaluwa, kokhala ndi chitsulo chachitali kutsogolo. Beston anazungulira puloti yonse batire lili paphewa, akufunafuna minibasi. Mayi woyang'anira pamalopo anamupatsa moni wa Chitswana woti dumela rra, n'kumulozera kanyumba kaja.

Wilfred anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Anafunsa ngati batire alilumikize ku katani kapena ku sinki. Beston manyazi anamugwira mpaka m'makutu kutentha, koma munthu wamtundu wake sagwa poyera. Anatula batire, napukuta m'manja, n'kunena kuti iye ankadziwa kale, batirelo ndi la magetsi a m'kati. Ndipo atatsegula chitseko n'kuona bedi lalitali, lolimba, losalala ngati tebulo, anayamba kukhulupirira bodza lake lomwe. Bedi limeneli linali loposa matiresi a m'minibasi. Chotsala chinali kungolikoka mpaka ku Mchinji.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Beston anali ndi galimoto, ndipo ndikati galimoto musaganize za chinthu chongoyendera. Kanali kasaluni kasiliva kochokera ku Japan, kosintha kokha magiya, konunkhira ngati sitolo ya mafuta odzola. Ankakatsuka Loweruka lililonse ndi thawulo limene mkazi wake sankaloledwa kuligwira. Amayi a kutchalitchi ankakatchula kuti mkazi wamng'ono wa a Chimbalanga, ndipo Gamuchirai sankatsutsa. Kagalimoto kameneka ndi kamene kankauza anthu kuti mnyamata wa ku Ndirande anafika penapake.

Pachitsulo chakutsogolo kwa kalavani panali kachitsulo kena kolembapo kulemera kwake ikadzaza katundu. Beston anawerenga, n'kukatsegula buku la kasaluni kake. Sanafunike munthu womumasulira. Ngolo ya kalavaniyo inkalemera kuposa galimoto yoti iikoke. Iye yemwe ankaphunzitsa ana chaka ndi chaka kuti chinthu cholemera chikayamba kuthamanga sichimva za mabuleki a chopepuka. Anayesa kudzinyenga. Ankati ayenda pang'onopang'ono, ankati sanyamula madzi ambiri, ankati azungu amangolemba manambala pofuna kuopseza anthu. Koma akatseka maso ankaona zitunda za ku Luangwa, msewu ukutsetsereka, lole ikudutsa ndi mphepo yake, ngolo ikuyamba kugwedeza mchira, kasaluni kakutengedwa ngati mbuzi yomangiriridwa ku ng'ombe. Ndipo pampando wakutsogolo ankaonapo apongozi ake.

Ngati zimenezo zinali zochepa, ku ofesi yoona za pamsewu anamuonjezera zina. Laisensi yake inkangolola kukoka kangolo kakang'ono. Kuti akoke chinyumba chotere anafunika kuyesedwanso mayeso, ndipo ngoloyo inafunika nambala yakeyake ndi magetsi oyaka bwino. 

Kwa kanthawi nkhaniyo sanaitchule. Gamuchirai, yemwe anali namwino ndipo anazolowera odwala obisa matenda, anangomusiya. M'mawa wina akukonzekera kupita kuntchito anamuitanira pawindo la kukhitchini. Panja bambo Mbewe ankayenda kuchokera pakhonde kukafika pageti, ndodo m'manja, akuluma mano, kenako n'kubwerera, n'kuyambiranso. Anali atavala nsapato zawo za kutchalitchi.

"Akuti akulimbitsa msana," anatero Gamuchirai. "Sutukesi analongedza kale. Ngati zakanika, Baba muwauze nokha. Ine sindingathe."

Beston anamva chisoni, ndipo pamwamba pa chisonicho anapsa mtima, chifukwa mawu oti zakanika sanawakonde chibadwire. Sabata yomweyo kasaluni kanapita. Wogula anali mnyamata wovala magalasi akuda amene anakhala pampando asanapukute n'komwe mapazi. Beston anayang'ana kumbali mpaka galimoto itakhota.

Ku Mogoditshane, kumene magalimoto a ku Japan amafoledwa ngati tomato pamsika, ogulitsa anamuthamangira. Poona tayi anamuonetsa zonyezimira. Panali ina yaitali msinkhu, yofiirira, ya mipando yachikopa, ndipo mtima wa Beston unadumpha, chifukwa imeneyo ikanatseka pakamwa pa Wilfred mpaka kalekale. Koma inali yaifupi thupi ndiponso yopepuka, msinkhu wokhawokha. Anaisiya akuusa moyo. Ankafuna galimoto yolemera kuposa ngoloyo ikadzaza, yaitali thupi kuti isamagwedezeke, ya dizilo yokoka pachitunda osatentha, ya mabuleki amphamvu, komanso yoti buku lake likuvomereza katundu wotero. Ankagwada m'fumbi, tayi ili paphewa, kusuzumira pansi kuti aone ngati chitsulo chokokera chamangidwa pathupi lenileni la galimoto, osati pabampala pongokongoletsa. Ogulitsa anayamba kumuthawa.

Imene inakwana zonsezi anaipeza kumapeto kwa yadi ina: pikapu ya thwinikabu imene kale inali yoyera, yochokera kumoraka, kumene Atswana amaweta ng'ombe zawo. Chitseko chimodzi chinali cha mtundu wina. M'kati munkanunkha mbuzi, fungo loti sopo analephera. Koma injini inkalira mokhazikika, pansi panalibe dzimbiri, ndipo makaniko atayiunika anati imeneyi ingakoke tchalitchi.

Lamlungu lotsatira anthu anasiya kucheza pikapuyo italowa pageti la tchalitchi. Wilfred anafunsa mokweza ngati a Chimbalanga ayamba geni ya mbuzi, ndipo amayi ena ananong'onezana kuti mwina kontirakiti yatha. Zinamupweteka Beston, tisaname. Koma anatsika, natseka chitseko cha mtundu wina chija ngati akutseka cha Benz, n'kuyankha kuti magalimoto ena ndi oonetsa, ena ndi ofikitsa.

Mayeso ndiwo anamutsitsa kwenikweni. Pamzere anakumana ndi anyamata ndi atsikana amene iye anawalepheretsapo sayansi, onse akumupatsa moni mwaulemu woonjeza. Kubwerera m'mbuyo ndi ngolo kuli ndi mwano wake: ukapotoza chiwongolero kumanja, ngolo imalowera kumanzere. Mphunzitsi wa sayansi ankadziwa chifukwa chake bwinobwino, koma manja ake sankadziwa. Ulendo woyamba anagwetsa mitengo yoikidwa m'mbali, anthu akuonerera. Anakaphunzira pabwalo lina lopanda anthu ku Mmopane mpaka khosi kuuma ndi kucheuka. Ulendo wachiwiri ngolo inalowa pakati pa mitengo ngati ulusi m'singano, ndipo Beston anatsika akuyenda ngati wapambana chisankho.

Tsiku la ulendo, sukulu zitatsekera, analongedza yekha. Zolemera anaziika pansi, pamwamba pa mateyala a ngolo, osati kumchira. Anamangirira unyolo, nalumikiza chingwe cha magetsi, n'kuuza Gamuchirai aime kumbuyo aziona ngati zikuyaka iye akaponda buleki. Ali mkati mochita zimenezi anapeza bambo Mbewe atalowa kale m'kalavani, atagona pabedi, chipewa pachifuwa, akudikira kuti ulendo uyambe.

Chikwatirireni Beston anali asanawakanizepo apongozi ake kanthu. Anagwada pakhomo la ngoloyo.

"Bambo, pepani. Muno simukwera munthu galimoto ikamayenda. Lamulo likukana, inenso ndikukana. Mukhala kutsogolo ndi ine. Msana ukangoti pang'ono, mundiuze, ndiima pomwepo mudzagone."

"Mukwasha," anatero mkuluyo, pomutchula mkamwini wake m'Chishona monga ankachitira akakhumudwa, "bedi lili pano, ine ndikakhale pampando?"

"Ndinalonjeza kukakufikitsani, bambo. Sindinalonjeze kuti mukondwa nane njira yonse."

Mkuluyo anatambasula dzanja kuti amudzutse.

Anatuluka mu Gaborone dzuwa likukwera, kulowera kumpoto, njira ya ku Kazungula ndi Lusaka. Pikapu inkakoka mosadandaula. Malole akamadutsa, ngolo inkangoti gwede pang'ono n'kubwerera pamzere. Anaima kawiri asanafike patali, mkuluyo n'kukagona pabedi lake pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu, n'kudzuka akuti tiyeni.

Pageti lotchinga msewu la ku Dibete wapolisi anawaimitsa. Anatenga laisensi ya Beston, naiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Anazungulira, nagwedeza unyolo, nauza Beston ayatse magetsi okhotera, kenako anatsegula chitseko cha ngolo kuti aone ngati mulibe munthu. Beston anaima pambali manja kumbuyo, mtima uli m'malo, akulakalaka Wilfred akanakhalapo. Wapolisiyo sanapeze cholakwa. Anabweza laisensi, n'kusuzumira pawindo la bambo Mbewe, nafunsa mwanthabwala m'Chitswana kuti kodi nyumbayi akupita nayo kuti. Gamuchirai anamasulira ali kumpando wakumbuyo.

Mkuluyo anadzikonza pampando, navala chipewa bwinobwino.

"Muuze kuti kwathu ku Mchinji mkamwini akafika pamudzi amayamba wamanga nyumba. Wangayu akupita nayo yomangiratu, ya mawindo agalasi." Analoza kumbuyo kumene kunali ngolo. "Muuzenso kuti ine moyo wanga wonse ndakhala ndikutsatira nyumba za eni ake. Lero nyumba ikunditsatira ine."

Gamuchirai anayamba kumasulira, koma mawu anamuthera pakati, ndipo wapolisiyo sanadikire kuti amalize. Anakweza chotchinga n'kuwachitira sawatcha.

Beston anakwera, namanga lamba. Maso anali atachita chifunga, choncho anayamba wawapukuta ndi tayi, chifukwa munthu wokoka ngolo amafunika kuona bwino magalasi onse awiri. Kenako analowetsa giya yoyamba n'kunyamuka pang'onopang'ono kuti msana wa apongozi ake usamve.