Pemphero la Maliro a Munthu Wamoyo

Tili m'basi ya ku Isfahan, mwana wanga Siavash anandikumbutsanso.

"Ababa, akafunsa za ubwana wanga, muzingoti Siavash. Siavash ankakonda mpira, Siavash ankadwala chifuwa. Si bodza, ndinali ine ndemwe. Koma dzina lakale lija lisatuluke."

"Ndamva, mwanawe."

"Munateronso chaka chatha."

Anabadwa mtsikana. Madokotala ndi khoti anamaliza zawo amayi ake asanamwalire, ndipo mapepala ake tsopano amati mwamuna. Koma a Ghorban, amene anamulemba ntchito yosula ziwiya zamkuwa n'kumupatsa chipinda pamwamba pa shopu, sankadziwa. Anzake a pantchito sankadziwanso, ndipo ndinali nditamva nthabwala zawo zonyoza anthu ngati iye.

Lachisanu limenelo a Ghorban anatiitana ku chakudya chamasana. Tinakhala pakapeti, mpunga ndi nyama ya nkhosa zili pakati.

"Mnyamata wanuyu manja ndi a golide, Aphunzitsi, koma kudya ngati mpheta!" anatero a Ghorban. "Ndani angam'patse mkazi wowonda chonchi?"

Tinaseka. Kenako panalowa mlamu wawo, a Nosrat, n'kundiyang'anitsitsa.

"Aphunzitsi Farhadi! A ku Rasht! Munaphunzitsa mwana wanga masamu, mpaka lero sadziwa kuwerengera."

Siavash anayika supuni pansi.

"Sindinkadziwa kuti muli ndi mnyamata," anapitiriza. "Ine ndimakumbukira kamtsikana kaja kankakwera mtengo wa malalanje."

"Amene ankakwera mtengowo anali Siavash," ndinatero.

"Nanga mtsikanayo? Anakwatiwa?"

Ndaphunzitsa kwa zaka zambiri, sindinasowepo yankho pamaso pa anthu. Kuulula kuti mtsikanayo ndi amene wakhala apayu sikunali kwa ine. Kunena kuti anakwatiwa kukanabala mwamuna, mzinda ndi zidzukulu. Ndinangoweramitsa mutu.

Mayi Mahin, akazi a a Ghorban, anaona mutu woweramawo n'kudzigunda pachifuwa.

"Nosrat, pakamwa pakopo! Sukuona kuti watosa bala? Mulungu amuchitire chifundo mwanayo. Tiyeni tim'pempherere."

Onse anatambasula manja n'kuyamba pemphero la Fatiha, monga timachitira wina akatchula womwalira. Munthu sakana zimenezo. Siavash nayenso anatambasula ake, milomo ikuyenda. Ine manja ndinakweza, koma mawu sindinatulutse.

Anatithirira tiyi. Mayi Mahin anawonjezera Siavash zipatso, akuti wamasiye kawiri, wataya amayi ndi mlongo yemwe. A Nosrat ankangoyang'anitsitsa nkhope ya mwana wanga.

Tikuvala nsapato pakhomo, a Nosrat anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mundikhululukire, Aphunzitsi. Tinali anansi, koma sitinamve, sitinabwere kudzapepesa. N'zamanyazi. Ndikubwerera ku Rasht mawa, ndipo Lachinayi popita kumanda ine ndi akazi anga tikathira madzi pamwala wa pamanda ake. Anagona pafupi ndi amayi ake, eti?"

"Musadzivutitse," ndinatero.

"Kudzivutitsa kotani? Ndi udindo. Tikasochera tikafunsa oyang'anira manda."

Ine ndi Siavash tinayenda mpaka pamlatho, tikudziwa kuti Lachinayi a Nosrat sakapeza manda amenewo. Mtsinje unali wouma, anthu akungodutsa pamchenga.

"Sindinatchule dzina," ndinatero.

"Ndikudziwa, Ababa."

Anayang'ana zikhato zake zodetsedwa ndi mkuwa, kenako anandifunsa ngati kumzinda wakutali wa Tabriz kuli osula ziwiya, ndiponso ngati kumeneko ndinaphunzitsako munthu aliyense.