Galimoto Yoimba Mluzu

Galimoto yathu inayamba kuimba mluzu Lachitatu m'mawa, ndili pamzere pageti la kuntchito. Kamluzu kake kanali kosongoka, ngati ketulo ikawira. Ndikaponda moto kankatha, ndikaima kankayambanso.

"Tabo imeneyo, chija chopopera mpweya mu injini," anatero amuna anga madzulo, ali pampando, osadzuka n'komwe kuti akamve okha. "Ya mnzanga wina inayamba chonchi. Ikafa tabo ndiye kuti galimoto yatha."

Ine ndimagwira ntchito yoyeza magazi mu labu, ndipo matenda ongonenera pakamwa sindiwakhulupirira. Loweruka ndinaliza injini, n'kutsekula boneti. Ndinadula kachidutswa ka paipi yothirira maluwa, mbali ina kukhutu, ina ndikuyendetsa pamwamba pa injini. Mluzuwo sunkachokera kumene amuna anga ankaloza. Nditasowa chochita, ndinati bola ndione oyilo. Nditangosolola kandodo koyezera oyilo, mluzu uja zii. Kubwezeretsa, wayambanso. Ndinachita zimenezi kasanu ndi kawiri, mpaka mayi oyandikana nafe anasuzumira pampanda.

"Anzathu, mukuiphunzitsa kuimba?"

Ndinalunjika kugalaja kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene akhala akukonza magalimoto chiyambire unyamata wawo. Ndinawapeza atagona pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka.

"Alamu, ndakubweretserani wodwala."

"Mwini wake ali kuti? Wathawanso?" Anatuluka akupukuta manja. Nditawafotokozera za kandodo kaja anasiya kupukuta, n'kundiyang'ana. "Wakuuzani ndani kuti musolole?"

"Palibe. Ndimangofuna kuona."

"Ndiye tsekulani chivindikiro chothirira oyilocho, injini ikulira chomwecho."

Ndinapotokola, koma kuti ndichinyamule chinakana, ngati wina wachigwira mkati. Ndinakoka ndi manja awiri. Chinazuka ndi phokoso lakuti fyuu, injini n'kuyamba kunjenjemera. Alamu anatenga kakatoni n'kukaika pabowopo, ndipo kanamatirira kokha.

"Ikuyamwa mpweya!" ndinatero. "Koma bwanji? Mmenemo si mumangokhala oyilo?"

Anakoka mpando wachitsulo. Anati moto ukamaphulika pamwamba pa mapisitoni, utsi wina umazembera m'mbali n'kutsikira pansi, kumene kumakhala oyilo. Ukapanda kutulutsidwa umadzazana, n'kuyamba kukankha oyilo m'malo onse olumikizira. Choncho pali timapaipi tokoka utsiwo kuti ubwerere mu injini ukapse, ndiponso kavalavu koona kuti kukokako kusapyole muyeso.

"Nanga n'chifukwa chiyani imasiya kuimba ndikaponda moto?"

"Eee, mafunso ngati kukhoti. Mukaponda, tabo imayamba kupopa. Paipi imene imayamwa ija imasanduka yokankha, ndiye kavalavu kamatseka njira imeneyo, utsi n'kudzera paipi yachiwiri, ya kukamwa kwa tabo. Mukaima, kuyamwa kumabwerera. Pano kukuyamwa mopanda woletsa, mpaka mpweya ukulowera m'timipata. Mluzu wanu ndi umenewo."

Anazimitsa injini n'kundipatsa sipanala kuti ndichotse kavalavuko. Ndinkayesa akuseka, koma anangopinda manja. Mabawuti anali asanu ndi limodzi, ndipo limodzi linandisupula chala. Chimene tinachotsa chinali chipulasitiki chakuda chokula ngati chikhatho, chokhala ndi kachivindikiro kozungulira. Alamu anakatsekula ndi sikuludiraiva. Mkati munali kasipuling'i ndi kalabala kofiirira, kopyapyala ngati khungu la dzira. Ndinakayang'ana padzuwa. Kanali kong'ambika pang'ono chabe, ngati pamene wadinda chikhadabo.

"Basi? Kameneka?"

"Kameneka. Ena amachotsa tabo yabwinobwino chifukwa cha kameneka."

Sanathere pomwepo. Anazula paipi yachiwiri ija n'kundiuza kuti ndisuzumire. Munali matope achikasu, onanda, otsala pang'ono kutseka njira yonse. Ndinatapa pang'ono ndi chala n'kununkhiza.

"Musalawe, alamu," anatero. "Kuntchito kwanu n'kutali bwanji?"

"Mphindi zisanu ndi ziwiri."

"Ndi zimenezo. Injini siifika potentha bwino. Nthunzi imasanduka madzi m'paipimu, n'kusakanikirana ndi oyilo. Ikanatsekeka, bwenzi oyilo akutuluka paliponse."

Ndinatsuka paipiyo ndekha m'beseni la palafini, ndi kabulashi kangati kotsukira mabotolo a ana. Palafiniyo anada katatu. Alamu anapita kusitolo ya zitsulo tsidya la msewu kukatenga valavu yatsopano, ndipo pobwera anandipeza ndatsekula paipi ina yaikulu, yochokera ku tabo.

"Imeneyo ndakutumani?"

"Muli oyilo umu. N'zoopsa?"

Anapisamo chala. "Wongonyowetsa chonchi alibe vuto. Akamachita kudontha ndiye mudzandiuze. Tsopano mangani mmene munapezera, mundisiyire ntchito ina, ana anga angafe ndi njala."

Titamanga zonse ndinaliza injini. Inalira mofatsa, yopanda mluzu. Chivindikiro chija chinanyamuka mosavuta, kakatoni n'kungogwira pang'ono.

"Pang'ono pomwepo m'pofunika," anatero alamu. "Oyilo muzisintha nthawi yake, timapaipi iti tiziona kamodzi pachaka. Komanso galimotoyi muziiyendetsako ulendo wautali, itenthe, ipsereze madziwo."

Amuna anga anafika nthawi yomweyo pa njinga yamoto, atamva kwa ana kumene ndapita. Anaona manja anga akuda mpaka m'zigongono, ndi plasitala pachala.

"Achimwene, mwawalemba ntchito akazi anga?"

"Ndikanakonda. Iwe unabadwira m'nyumba ya sipanala, koma boneti umaliopa ngati muli njoka."

Ndinawaonetsa kalabala kaja. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti kamagwira ntchito yanji. Alamu anatsekula pakamwa, kenako analoza ine. Ndinatola choko patebulo n'kuyamba kujambula pisitoni pansi pa simenti. Pa paipi yachiwiri ndinasokoneza, ndinaipititsa kolakwika, ndipo alamu anafufuta ndi nsapato, n'kugwada kuti akonze. Amuna anga nawonso anagwada. Mwini wake wa lole ija atabwera kudzafunsa ngati yatha, anatipeza tonse atatu tili pansi, tikukangana za kumene muvi wa pachithunzicho uyenera kuloza.