Mapazi a Sajeni Bakri

Shawqi anali atadula kale zingwe za zidole zinayi pamene mlongo wake Nagwa anakankha chitseko.

"Achimwene, mwapenga? Bambo sanathe ndi masiku atatu omwe m'manda!"

"Tsitsa mawu, pabalaza pali anthu," anatero Shawqi, sizasi ili m'manja. "Wa sitolo ya alendo uja abwera Loweruka. Akuti azikazipachika pakhoma, zingwe sakuzifuna. Chipinda chino ndi cha Hazim. Mwana wanga akwatira chaka chino, mkaziyo akamugoneke padenga?"

"Chidole chopanda zingwe ndi nkhuni basi."

"Ndiye bwera uzizivinitsa iweyo."

Pakhomopo panalibenso wovinitsa zidole. Malemu bambo awo, mmisiri Usita Abdel-Mawla, anazisema okha zonse makumi atatu, nazivinitsa zaka makumi anayi m'maukwati ndi m'zikondwerero za mu Suez muno. Nthawi ya nkhondo, ife tonse tikuthawa mumzinda ndi mitolo pamutu, iwo anakwera lole ya asilikali ndi bokosi lawo kulowera komwe mabomba ankagwa. Ankavinitsa zidole m'maenje a m'mbali mwa ngalande, anyamata akuseka mfuti zili pamiyendo. Munthu wolimba mtima chotere ine, mnansi wawo wakalekale, sindinamuonenso.

Shawqi yekha ndiye anaphunzitsidwa ntchitoyi, koma anaitaya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atatopa ndi kutchedwa mwana wa zidole kusukulu. Anakakhala kalaliki kudoko, munthu wa tayi. Sindimuda, kusekedwa kumapweteka.

Ali mkati mokangana, mayi awo a Tafida analowa atagwira dzanja mkulu wina wamtali, wa mkanjo wakumudzi ndi magalasi akuda.

"Awa ndi a Haji Metwali, achokera ku Sohag," anatero mayiwo. "Khofi akana. Akuti ayambe alonjera wa m'chipinda muno."

"Mulungu akulimbitseni mitima, ana anga," anatero mkuluyo, nkhope italoza kukhoma. "Kodi Sajeni Bakri alipo? Wamimba uja, wa ndevu ngati tsache?"

Sajeni Bakri analipo. Anali gone pansi pafupi ndi phazi la Shawqi, manja ali tambalale, zingwe zake zili mulu pambali. Ndiye anali woyamba kudulidwa.

"Mumamudziwa bwanji, a Haji?" anafunsa Nagwa, akuwakokera mpando.

"Ine? Tinagwirira limodzi usilikali!" Anaseka pang'ono, nakhala pansi. "Ndinali ndi zaka makumi awiri pomwe bomba linanditengera maso. Kuchipatala ndinakana kudya, ndinkangofuna kufa. Tsiku lina bambo anuwa anabwera m'wodi ndi zidole. Anzanga kuseka, ine osaona kanthu. Ndinawatukwana. Ndinati, 'Iwe mdala, tenga nkhuni zakozo uzipita, kuno si kuukwati wa amako!'"

"Anandiuza," anatero a Tafida. "Atafika kunyumba sanadye."

"Mawa lake anabweranso. Ndinangomva thireyi ya chakudya yaikidwa pachifuwa panga. Kenaka kwe, kwe, kwe! Anali atakhoma timisomali kunsi kwa mapazi a sajeni. Ndinamumva akuguba, akupunthwa, akugwa chagada, akudzuka n'kuyamba kukalipira thireyi. Ndinaseka mpaka mabandeji kunyowa. Tsiku limenelo ndinadya. Lero ndili ndi ana asanu ndi zidzukulu zosawerengeka, amake Shawqi, ndipo onsewo alipo chifukwa cha amuna anu." Anapukuta pansi pa magalasi ndi chala. "Ndanena kuti ndabwera kudzapepesa maliro. Zoona zake, ndabwera kudzamumva sajeni komaliza."

Nagwa anayang'ana mlongo wake, koma sanamuneneze. Shawqi anatola chidolecho nachitembenuza. Timisomali tinalipo, titatu kuphazi lililonse, titaperepeseka ndi kuguba. Manyazi anamugwira koopsa.

"Sajeni wavulala pang'ono, a Haji," anatero. "Mupatseni kanthawi."

"Waledzeranso ameneyo!" anatero a Metwali.

Zingwe zinali zisanu ndi zinayi. Shawqi anakhala pansi, tayi ataponyera kumsana, nayamba kulumikiza: ziwiri za kumutu, ziwiri za m'mapewa, za m'manja, za m'mawondo, chomaliza cha kumsana chomwe chimaweramitsa. Mutu unali utaiwala, koma zala zinkakumbuka mfundo ya bambo ake. Chingwe cha bondo lamanzere chinafupika, ndipo atamuimika sajeni anapendekeka.

"Azitsimphina," anatero Nagwa, akugwirizira mfundo ndi chikhadabo.

"Wachoka kunkhondo, umati ayende bwanji? Tatola zingwe za atatu enawo, usazisokoneze."

"Nanga wa sitolo?"

"Akapachike zithunzi za agogo ake."

"Nanga Hazim ndi mkazi wake?"

"Azigona ndi sajeni. Ifenso tinakula choncho."

A Tafida anabwera ndi thireyi ya khofi wamaliro, nachotsapo makapu, naiika pamiyendo pa mkuluyo. A Metwali anaigwira m'mbali ndi manja onse awiri, napendeketsa khutu. Shawqi ananyamula kamtengo kogwirira zingwe, nasendera pafupi. Nsapato zake za kuofesi zinalira pasimenti.

"Vula nsapato," anatero mayi ake motsitsa mawu.

"Amayi?"

"Bambo ako ankavula. Ngakhale m'wodi muja, pansi pali magalasi osweka, ankavula. Ankati wodwala asamve kuti pali munthu, azingomva sajeni yekha."

Shawqi anawerama, navula nsapato zonse ziwiri, naziika kuseri kwa chitseko. Anabwerera mwakachetechete, natsitsira sajeni pathireyi. Kwe. Kwe, kwe.

"Wachedwa, Sajeni," anatero a Metwali, misozi ikutsika m'masaya. "Guba tione."