Mawu amodzi pa khadi ya adona

Tsiku lomaliza limene Madaliso anawaona bambo ake ali moyo, a Zakeyu anali khale pakhomo la chipinda chawo ku Tembisa, ku Joni, akunola sizasi yodulira maluwa. Anawauza kuti koleji wasiya. Iwo anangoyesa sizasi ija pachikhadabo. Patapita masiku anayi anagwa pa kapinga wa abwana awo ku Edenvale, osadzukanso.

Thupi lisananyamuke ulendo wa ku Ntcheu, akuluampingo anamuuza kuti alembe mbiri ya malemu yoti ikawerengedwe kumanda. Pepala linakhala loyera masiku awiri. Akanalemba chiyani za munthu amene pakhomo ankaumira mawu chonchija?

Kenaka kunabwera khadi yopepesa yochokera kwa adona a ku Edenvale. Chingerezi chonsecho anachimva kupatula liwu limodzi: affable. Atafufuza pafoni anapeza kuti ndi munthu wansangala, wochezeka, wosavuta kuyamba naye nkhani. Anatembenuza envulopu kuti aone ngati dzina linali la bambo akedi.

M'mawa mwake anakwera takisi. Adona sanawapeze, koma anapeza a Gertrude, mayi wa ku Chipata amene ankagwira ntchito m'nyumbamo, akuyanika zovala. Anawaonetsa khadi ija, nafunsa ngati bambo ake ankasekadi kumeneko.

"A Zakeyu? Alonda onse a mumsewu muno anali azilamu awo," anatero a Gertrude.

Anamufotokozera kuti a Zakeyu ankapereka moni m'Chizulu chothyokathyoka mpaka anthu otola zinyalala kugwira nthiti, kuti adona ankatha ola lathunthu ataima padimba kuwadandaulira za mwana wawo wokhala kutsidya kwa nyanja, ndipo iwo ankangovomera, uku akuthirira. Madaliso ankafunsabe: ankaseka mokweza? Ankaonetsa mano? Ankayamba okha nthabwalazo?

"Nanga bwanji kwathu ayi?"

A Gertrude anakung'untha shati, naipachika pachingwe.

"Mwanangu, unayamba wamwetulirapo kuyambira seveni mpaka faifi? Masaya amapweteka. Ine ndikafika kunyumba ku Vosloorus, ana anga amandipatukira ngati ndine wapolisi."

"Ndiye kuti ankanamizira."

"Iyayi, usawanamizire iwe. Anthu ankawakondadi. Kungoti nkhope munthu amakaipumitsa kwa ake."

Pobwerera anakhala mpando wakumbuyo, pepala lili pabondo. Anafuna kuwachitira nsanje alonda aja, koma zinamukanika. Analemba kuti a Zakeyu anabadwira ku Ntcheu, ndipo anasamalira maluwa a eni ake ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Analemba kuti anali munthu wochezeka, nafufuta, nalembanso. Pansi pake anawonjezera kuti pakati pa ana awo ndi pamene ankapuma. Takisi ikulowa mu Tembisa anamaliza mzere wotsiriza.

Anamwalira pa 14 Ogasiti 2023.