Dzina la Fidencio Pakhoma

Amayi a gulu lofufuza abale awo osowa anagwirizana zopanga kamagazini kawokawo, kofotokopa, koti azikagawa kumsika. Aliyense anapatsidwa tsamba lake. Nereida analemba lake mosavuta: kuti mwamuna wake Fidencio ndi wolemba zikwangwani ndi makoma, kuti anachoka m'mawa atanyamula zitini za penti, osabwereranso. Chinatsala n'kusankha mtundu wa zilembo za dzina la mwamuna wakeyo pamwamba pa tsambalo.

Kusitolo ya zolembera, mwini wake Doña Amparo anamutembenuzira kompyuta.

"Sankha, mwanawe. Zilipo zonenepa, zowonda, zina zopendama ngati amuna anga Loweruka."

Anayamba ndi zonenepa, zakuda bii. Nereida anazizindikira. Ndi zomwe zili pamapepala a anthu osowa, omata pamitengo ya magetsi, aja anthu amangowadutsa osacheuka.

"Izo ayi."

Doña Amparo anabweretsa zopiringizika, za michira. Izo n'za timakhadi togawa pa Misa ya maliro.

"Izonso ayi. Sanafe."

"Ine ndanena kuti anafa?"

"Zilembozo zanena."

"Nanga ukufuna zotani? Makina ofotokopawa ndiwayatsa mawa m'mawa, Lamlungu magazini akhale ali kumsika. Ukachedwa ndikusankhira ndekha, ndipo ine mtima wanga uli pa za michirazo."

Nereida anatuluka. Mumtima munalibe kanthu, ankangomva kulemera kwa mwana kumsana. Anadzera pogulitsa zitumbuwa zachimanga zotchedwa tortilla, n'kupempha pepala lokulungira, lopyapyala lija loonekera mkati. Pensulo anali nayo m'thumba.

Makoma amene Fidencio analemba anali atatha. Kulengeza dansi sikukhalitsa: oimba akabwera n'kupita, khoma amalipaka laimu n'kulembapo ena. Linatsala limodzi, kuseri kwa depoti ya mabasi, la zilembo zofiira zamthunzi wabuluu, zazitali kufika m'chifuwa.

Anapezako Eulogio, mkulu wake wa Fidencio, amene anatsala ndi ntchitoyo. Anali ndi ndowa ya laimu, ndipo theka la khoma linali litayera kale.

"Alamu, taimani kaye."

Eulogio anatsitsa bulashi. "Alamu, dansi ili Loweruka, eni ake akundilondalonda ngati ndawabera nkhumba. Khomali ndalizemba miyezi yonseyi. Lero zandikanika."

"Sindikukuletsani. Gwirani mwanayu."

Anamasula shawelo n'kumupatsa mwana. Zilembo zazikuluzo zinalibe ntchito kwa iye, sizikanalowa patsamba. Anapita kumapeto kwa khoma, pakona yapansi, pamene Fidencio ankasainapo ntchito zake. Dzina linalipo, lotalika ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Laimu anali asanafikepo.

"Ndinayambira uko dala," anatero Eulogio, maso ali kwa mwana.

Nereida anatulutsa pensulo. Anagwada pafumbi, n'kuyala pepala padzinapo. Khoma linali lokhakhala, pensulo inkadumphadumpha, ndipo penapake pepala linabooka. Anapitiriza. Zilembo za Fidencio zinali zotambalala kumapazi, zoima ngati munthu amene sakufuna kukankhidwa. Pansi pa chilembo chomaliza penti inayenderera kamzere. Anakajambulanso kamzereko mpaka pomwe kanathera.

"Kudonthetsa kumeneko ndinamulalatira mpaka kusasa mawu," anatero Eulogio. "Munthu wosamva ameneyu."

Nereida anaimirira, kusasa fumbi m'maondo, kubereka mwana.

"Pakani tsopano."

Akukhota pangodya anamva bulashi ikukwecha khoma. Sanacheuke.

Kusitolo kuja, Doña Amparo anatenga pepala lija n'kuliyang'ana powala. Linali ndi dontho la mafuta pakona.

"Zapendama pang'ono. Ndipo kamchira kotsika aka n'kolakwika, ndikafufute?"

"Kasiyeni."

"Chibowochi?"

"Chisiyeninso."

Doña Amparo analiyala pagalasi la makina aja n'kutseka chivundikiro. Kuwala kunayenda kuchokera uku kupita uko. Tsamba loyesera linatuluka lofunda, dzina lili pamwamba. Nereida analigwira m'manja mpaka linazizira, kenako n'kufunsa nthawi yoti abwere mawa kudzathandiza kupinda magazini.